Ndikupita ku Likoma kukaonekera kwa apongozi, ndithandizeni nzeru

A adimini chonde mundibise dzina. Abale anga funso langa likupita kwa inu a ku Likoma kapena amene munafikako. Abambo amene ndikufuna kumanga nawo banja kwawo ndi ku chilumbako, ndiye amayi awo atumiza mawu kuti akufuna andione ndi maso tisanapange chinkhoswe, za pa foni akana. Tapangana zopita mu Julaye poti ndi pomwe andipatsa tchuthi kuntchito. Koma ine ndine mwana wa ku Dedza, nyanja ndinaionapo kamodzi ku Senga Bay ndipo ndinangoviika mapazi basi, kusambira sindidziwa olo pang'ono. Iwowo ndikawauza za mantha anga amangoseka, ati ana a sukulu amawoloka iwe ukuopa chani.

China ndi kondowole. Ndinayesapo kwa mnzanga wina wa ku Nkhata Bay, mbamu yoyamba ndinaitafuna ngati chingamu mpaka inandikanirira kukhosi misozi mbwembwembwe, ana ake kumandiseka. Nanga zikakachitika pamaso pa apongozi si ndiye azikati mtengwa wake ndi wonyada? Komanso ndinyamule chani, sindingafike chimanjamanja.

Mayankho

Wobadwira ku Chipyela: Achemwali mwasankha mwezi wa mwera. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti nyanja imakwiya, olo ife eni akefe timasanza. Ngati nkotheka sunthani mpaka Okutobala, kumatentha koma madzi amakhala bata. Zikakanika kwerani sitima ya Ilala. Yakalamba inde, inayamba kuyenda 1951, koma ndi yachitsulo komanso yaikulu, mafunde siiwamva ngati maboti a matabwa aja. Kwererani ku Nkhata Bay osati ku Monkey Bay, kuchokera kumeneko ulendo wake ndi wautali kwambiri. Imaima kaye pa Chizumulu kenako ndi kwathu. Tsiku lonyamuka mufunse sabata yomweyo.

Mayi wa ana atatu: Mwana wanga iwe ndi wa ku Dedza ukufunsanso chonyamula? Kachewere, nyemba, kabichi, anyezi, ufa woyera ngati ulipo. Kujaku ndi miyala, mchenga ndi malambe, chimanga sichichita bwino, anthu amadalira chinangwa ndipo katundu wambiri amabwera pa sitima ndiye mtengo wake umakhala wina. Olo nkhuni zimachokera tsidya la ku Mozambique, tawuni ya kumeneko ya Cobue umangoiona ukaima pagombe. Uwonjezere shuga, sopo ndi chitenje chabwino cha amayiwo. Nsomba zokha usayerekeze kunyamula angakuseke mpaka chaka chamawa.

Mtonga weniweni: Kondowole satafuna!! Ndani anakunamizani? Mumatema kambamu kakang'ono, kukaumba, kuviika mu msuzi wa usipa wauwisi, kumeza. Basi. Musambe m'manja osapukuta kuti isamate zala. Muyambe kuyeserera panopa, ufa wake umapezeka m'misika ya mu Lilongwe momwemo.

Bambo wina: Mukungomuopseza mwanayu. Chikondi chake chotani choopa madzi kkkk

Mayi wa ana atatu: Inu bambo khalani chete, munakwerapo sitima nthawi ya mwera inu?

Wobadwira ku Chipyela: Ndinaiwala, Lamulungu konzekani zopita ku St Peter's, anthu ambiri kwathu ndi a Anglican ndiye apongozi anuwo mwina akafuna akakuonetseni kwa anzawo. Tchalitchi chimenecho amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anayamba kumanga 1903, mukachiona mudzadabwa kuti chinthu chachikulu chonchi chinafika bwanji pa kachilumba kakang'ono. Mapemphero amatenga nthawi, mudyeretu. Ndipo mukamapita kunyanja kukatsuka mbale kapena kusamba mufunse gombe la amayi ndi liti, osangolowera paliponse poti mwaona madzi.

Mnyamata wa geni ya usipa: Ndalama ina munyamule ya m'manja osangodalira ya mu foni. Malo ena foni imakoka netiweki ya ku Mozambique. Zovala ndi foniyo muzikulunge mu jumbo.

Mwini funso: Zikomo nonse, amayi a ana atatu Mulungu akudalitseni. Za Okutobala ndayesa kukamba nawo usiku uno, akana, ati amayi auza kale mudzi wonse kuti tikubwera Julaye. Ufa wa kondowole ndagula walero ndiyamba mawa. Koma mwati jumbo, kutanthauza kuti potsika timanyowa? Nanga thumba la kachewere lija andinyamulira ndani?

Wobadwira ku Chipyela: Anyamule mwini wakeyo, si amati ana a sukulu amawoloka. Inu mungovala ma silipasi, nsapato zabwino mukavalire kumtunda.