Kodi Alexander analongedwadi ufumu ku Memphis?

Moni nonse akuluakulu m'gulu lino. Ndikukonza phunziro la mbiri yakale, koma ndagwira njakata pa nkhani ya Alexander wa ku Macedonia.

Analanda Egypt mu 332 BC, ndipo pa makoma a kachisi wa ku Luxor dzina lake linazokotedwa ngati la farao. Ku Babylon mu 331 BC anasiya Mazaeus, mkulu wa ku Persia, akulamulira. Kenaka mwiniwake anayamba kuvala zovala za Aperezi, asilikali ake n'kumang'ung'udza. Apo palibe vuto.

Pondivuta m'pa Memphis, mzinda wakale wa ku Egypt. Unachitikadi mwambo womulonga ufumu, kapena anangopereka nsembe kwa ng'ombe yopatulika Apis basi? Buku la kulaibulale masamba ake enieniwo anathothoka. Pa intaneti ena akuti inde, ena ayi, mpaka bandulo inandithera.

Amene munawerenga mozama, chonde ndiunikireni lisanafike Lachinayi.