Banja la kwa Agogo NaPhiri: za Tadala ndi makoleji

Mayi a Tadala (South Bend): Odi nonse. Common App, fomu ya pa intaneti yofunsira malo m'makoleji a kuno ku America, yatsegulidwa pa 1 Ogasiti, ndipo Tadala wathu, amene amaphunzira pakhomo, akufunsira nawo. Ku mayunivesite a Purdue ndi Notre Dame, tikafuna yankho lamsanga, mapepala akhale atalowa pofika pa 1 Novembala. Yunivesite ya MIT nayonso tsiku lomwelo, koma iwo ali ndi fomu yawoyawo. Tithandizane, ndekha sindikwanitsa.

Amalume (Lilongwe): Achemwali, ndinanena kale. Mwana wophunzirira pa thebulo lodyera, magiredi ake amupatsa ndani? Kuno timangoona mapointi a MSCE, NCHE n'kusankha, basi.

Mayi a Tadala: Ndimupatsa ndine, achimwene. Kwa mwana wophunzira pakhomo, kholo ndiye mphunzitsi wamkulu. Ndilemba transcript (chikalata cha magiredi) ya zaka zinayi, phunziro lililonse ndifotokoze buku limene tinagwiritsa ntchito ndi mmene ndinkachongera.

Amalume: Ndiye mungomulembera A yekhayekha 😂

Chisomo (Indianapolis): Amalume, n'chifukwa chaketu A wa amayi ake payekha salemera kwenikweni. Amafuna umboni wochokera kunja. SAT (mayeso olowera ku koleji), mayeso a AP (a maphunziro a mlingo wa koleji), ndi magiredi a ku koleji ya Ivy Tech komwe anakachita chemistry ya mu labu. MIT inabwezeretsa lamulo la SAT kapena mayeso anzake a ACT mu 2022, Purdue nayo ikufuna. Popanda zimenezo asayambe n'komwe.

Tadala: SAT ndibwereza mu Okutobala. Masamu ali bwino, chikundigwetsa ndi mbali yowerenga.

Chisomo: Ndidzakutenga ndine Loweruka limenelo. Laputopu uitchaje usiku, pulogalamu yolembera mayesowo ya Bluebook ikhale italowa kale. Usadzandiuze za pasiwedi tili pa geti.

Amalume: Kalata yomuchitira umboni ndilemba ine. Ndakhala hedimasitala mpaka kupuma, Chingerezi changa mukuchidziwa.

Azakhali (Johannesburg): Alamu, Chingerezi chanu palibe akuchikana. Koma ndinu malume wake, mwanayu munamuona komaliza ali ndi mano a mkaka. Owerengawo akufuna munthu amene anamuona akulimbana ndi funso lomukanika, osati wachibale womukonda.

Amalume: Chabwino, ndakhala pansi.

Mayi a Tadala: Musakwiye. Aphunzitsi a chemistry aja avomera kulemba imodzi. Yachiwiri ndiye ikundisowetsa tulo, chifukwa MIT imafunanso ya mphunzitsi wa mbali ya zinenero kapena mbiri, ndipo zimenezo ndamuphunzitsa ndekha.

Azakhali: Nanga mayi aja a kalasi yolemba ya Lachinayi, imene mumasonkhana mabanja angapo? Anamuchongera nkhani chaka chonse. Muwafunse sabata ino, asanadzazidwe ndi ana ena.

Tadala: Ndiwalembera mawa. Amalume, inu mundiwerengere essay ya pa Common App. Malire ndi mawu 650, yanga yapitirira kwambiri.

Amalume: Tsopano walankhula! Cholembera chofiira ndidakali nacho. Ukulemba za chiyani?

Tadala: Za pampu ya solar ya kwa agogo, mmene tinkaikonzera pa video call ndi Madalitso, iye atagwira waya ine ndikuwerenga manambala.

Chisomo: Imeneyo ndi yabwino. Koma amalume mungodula, musamulembere. Akangomva mawu a munthu wa zaka 60 mu nkhani ya mwana wa 17, yatayika.

Madalitso (Dedza): Agogo akuti ndiwawerengere zonse. Akufunsa ngati sukuluzo zili ndi chakudya, ndiponso ngati dzina lawo lilowa mu nkhaniyo. Akuti pampu ija yayambanso kulira usiku.

Bambo a Tadala: Ndangotuluka ku shifiti. Za ndalama, mafomu opemphera thandizo a FAFSA ndi CSS Profile, zisiyireni ine. Chisomo, fufuzanso sekondale yoti imulole Tadala kulemba AP Physics mu Meyi. Mayina amatseka cha mu Novembala, ndipo si sukulu iliyonse imalandira ana a pakhomo.

Chisomo: Ndiimba mafoni Lolemba.

Amalume: Tadala, tumiza pa imelo, osati pano. Pafoni zilembo zimandichepera.