Makolo akuti ana akungosewera, komiti ikufuna makope, ndithandizeni alezi anzanga

Nabanda (Mchinji): Mwaswera bwanji nonse pagulupu pano. Ine ndili ndi nkhani yandisowetsa tulo. Pa CBCC pathu, sukulu yamkaka ya m'mudzi yoyendetsedwa ndi anthu a m'deralo, tili ndi ana 58 olembetsa, obwera tsiku lililonse amakhala cha m'ma 40, tsiku loti kuli phala amaposa, alezi tilipo awiri basi. Chibwerereni ku maphunziro aja a alezi a masabata awiri ndinayamba zija anatiphunzitsa za ngodya zosewerera, ndinakonza ya dongo, ya masanje, ya zomangamanga ndi ya mchenga panja. Ndiye pamsonkhano Lachisanu makolo andiukira, akuti timatumiza ana kuti akaphunzire koma akubwera ali mbuu ndi dothi, kope palibe Chingerezi palibe. Ana 6 awachotsa kale apita kusukulu yamkaka yolipira ya kumsika. Apampando a komiti andiuza kuti ana azikhala mizeremizere kuyang'ana bolodi, aliyense agule kope ndi pensulo. Komanso ndisabise, ngodyazo sizikuyenda bwino, ana onse amathamangira ku dongo n'kuyamba kulimbirana, kulira kokhakokha. Nditani abale?

Make Tadala (Dedza): Pepani achemwali, ife tinadutsamo mmenemo. Ndifunse kaye, anawo mumawagawa bwanji? Azaka 3 ndi azaka 5 amasewera pamodzi?

Nabanda (Mchinji): Pamodzi onse amayi, ndimangowauza kuti aliyense apite komwe akufuna

Make Tadala (Dedza): Vuto loyamba ndi limenelo, ndipo makolo akadutsa n'kuona chipwirikiti chotero sangakhulupirire kuti pali kuphunzira. Ife tinang'amba chitenje chakale timizeretimizere, tina tofiira tina tobiriwira tina tachikasu tina toyera, mwana akafika m'mawa timamumanga kansaluko padzanja ndiye gulu lake limenelo. Magulu anayi a ana 10 kapena 11, ang'onoang'ono gulu lawolawo. Gulu lililonse limayamba ngodya yake, pakatha mphindi 15 kapena 20 ndimamenya chitini, onse amatolera zinthu kubwezera m'katoni kenako n'kusuntha. Masiku atatu oyamba kunali kovuta, sabata yachiwiri anazolowera moti pano ndikachedwa kumenya chitini amandikumbutsa okha. Mlezi mmodzi akhale ndi ang'onoang'ono asawasiye, winayo azizungulira magulu atatuwo. Chinanso ana amalimbirana chifukwa zinthu zachepa. Dongo la ana 10 lisakhale kambulunga kamodzi ayi, aliyense apatsidwe lake lalikulu ngati chibakera chanu. Zitsekerero za mabotolo zikhale zodzaza chigoba, zitsononkho thumba lathunthu, pano anthu akutonola chimanga zili mbwee sizogula. Pitaninso kwa akalipentala mukapemphe zidutswa za matabwa, mungozipala m'mbalimu zisabaye ana.

Anti wa ku Ndirande: Ine ndiyankhula mosiyana pang'ono musandide. Ndili ndi nazale yanga kuno ndipo ndikudziwa kuti kholo likachotsa mwana silibwereranso msanga. Makolowo sakulakwa kwenikweni, amafuna aone china chake ndi maso. Mwana akafika kunyumba n'kunena kuti good morning mother agogo ake amasangalala mpaka kukauza aneba. Mukalimbana ndi komiti mutsala ndi ana 15 ndipo chimanga cha phala chomwe makolo amasonkha chisiya kubwera. Apatseniko pang'ono zomwe akufunazo.

Nabanda (Mchinji): Anti mukunena zoona, za chimangazo anaopseza kale. Koma mwana wazaka 3 kumukhazika pansi ola lathunthu akuyang'ana bolodi mtima wanga sukulola, tinayesapo kale chaka chatha theka ankangogona ena kuthawa kupita kwawo

Madamu Nachisale (Sitandade 1, Zomba): Ndilowererepo ngati mphunzitsi amene ndimalandira ana anuwa akakwana zaka 6. Chaka chilichonse ndimalandira ana oti amalakatula 1 mpaka 100 pa Chingerezi osapumira, koma ndikanena kuti tandipatse timiyala 4 amangotapa dzanja lonse. Amaimba A mpaka Z koma ndikaloza chilembo chimodzi pakati sakuchidziwa. Nyimboyo analoweza, manambalawo sanawagwire ndi manja. Pomwe mwana amene ankagawira anzake zitsekerero, ziwiri iwe ziwiri iwe, masamu a kuphatikiza ndi kuchotsera amawamva msanga chifukwa ifenso mkalasi timagwiritsa timitengo ndi zitsekerero zomwezo, ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwe uli. Ndipo chiyambireni National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, mu 2016 kuwerenga mu Sitandade 1 timayamba ndi maliwu a malembo a Chichewa, mwana amve kuti mawu oti mayi akuyamba ndi mmm, kenako maphatikizo ma me mi mo mu. Ndiye mwana amene wamva nthano zambiri, amadziwa kuyankha tili tonse, amatha kufotokoza zomwe kalulu anachita poyamba ndi pomaliza, ameneyo amakhala patsogolo. Za pensulo nazo, zala za mwana zimalimba ndi kuumba dongo, kung'amba mapepala, kutunga zitsekerero pa chingwe, kusewera phada. Mukamupatsa pensulo zala zisanalimbe amaigwira ngati mpini wa khasu n'kuboola kope, ndipo kumusintha magwiridwe amenewo kumatitengera teremu yonse. Mukawauze makolo kuti mphunzitsi wa ku pulayimale wanena choncho, kapena bwino koposa mukapemphe mphunzitsi wa Sitandade 1 wa sukulu yapafupi abwere adzanene yekha pamsonkhano.

Naphiri (Mitundu): Madamu mwanena zonse. Ine ndiwonjezere zomwe zinatipulumutsa ife. Sitinachite msonkhano wokambirana ayi chifukwa pamsonkhano amene amapambana ndi wokweza mawu. Tinaitana makolo ndi amfumu tsiku la sukulu cha m'ma 9 koloko kuti adzangokhala n'kumaonerera. Ngodya ya masanje tinaisandutsa okala, tinaika mapaketi opanda kanthu a shuga, a sopo, mabokosi a machesi, tomato woumba ndi dongo, ndalama zinali zitsekerero. Mwana wina akugulitsa wina akugula, tomato mulu zitsekerero 3, wogula wapereka 5, wogulitsa akuwerenga chenji. Bambo wina amene ankalalata kwambiri anaona mwana wake wamkazi akubweza ziwiri osauzidwa ndi munthu, anangoti zii kenako n'kufunsa kuti kodi zimenezi wazidziwira kuti. Kenako mwana aliyense wazaka 5 analemba chilembo choyamba cha dzina lake pamchenga ndi chala makolo akuona. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse mwana amapita kunyumba ndi chinthu m'manja, chilembo choumba ndi dongo, kapena chojambula pa chidutswa cha katoni ndi khala, kumbuyo ndimalemba deti ndi mawu ochepa ngati Lero wawerenga zinthu 6 yekha. Zimenezo ndiye kope lathu. Anti a ku Ndirande akunena zoona kuti kholo limafuna kuona.

Anti wa ku Ndirande: Eya zimenezo ndiye ndimatanthauza. Ndipo Chingerezicho musachikane, chilowetseni m'masewera momwemo. Pa jingo aziwerenga kulumpha one two three, poponyerana mpira wa chikulunga wogwira anene my name is, potolera zitsekerero nenani red, blue. Mphindi 10 patsiku zakwana ndipo kunyumba akakayankhula makolo mtima pansi

Make Tadala (Dedza): Musaiwale nkhani ya dothi ija achemwali, musaitenge ngati yaing'ono. Sopo wakwera mtengo, mayi amene wachapa malaya dzulo n'kuwaona ali matope okhaokha lero ali ndi chifukwa chokwiyira, mwina kudandaula konseku kunayambira pamenepo. Ife tinapempha kuti aliyense abweretse shati yakutha ya abambo kapena thumba la ufa, timaboola pakhosi ndi m'manja, mwana amavala pamwamba akamapita ku dongo, zimatsala konkuno pa chingwe. Ndipo panja pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa, asambe m'manja asanamwe phala komanso asanaweruke.

Nabanda (Mchinji): Iii za sopozi sindinaziganizire n'komwe, ndipo amene anayambitsa nkhani pamsonkhano ndi mayi wa ana amapasa. Zikomo kwambiri. Funso lina, ife timaphunzirira m'tchalitchi ndiye Lachisanu timayenera kuchotsa zonse, makatoni anga awiri chiswe chadya kale

Naphiri (Mitundu): Makatoni asagone pansi. Ngodya iliyonse ikhale ndi thumba lake, mumange pakamwa n'kupachika ku mtanda wa denga ndi waya kapena chingwe, kapena musunge kwa membala wa komiti wapafupi. Mukawapatsa ntchito a komitiwo amayamba kuziona ngati zawo. Kwathu apampando ndi amene anapanga magalimoto a waya asanu ndi bawo yokumba pa thabwa, pano munthu akanyoza masewera amayankha ndi iwowo. Agogo aakazi awiri amabwera Lachitatu kudzakamba nthano ndi kuponya ndagi, salipidwa, amangomwa nawo phala

Mai a Yamikani (Ntcheu): Ndangolowa kumene ndawerenga zonse. Chenjezo langa ndi pa njere, chonde chonde. Ife tinkawerengetsa ndi nyemba ndi chimanga, mwana wazaka 3 analowetsa nyemba m'mphuno, tinathamanga naye kuchipatala pa kabaza ndipo mayi ake sanamubweretsenso. Gulu la ang'onoang'ono muziwapatsa zinthu zazikulu zoti sizingalowe m'kamwa, zitsononkho, matabwa, zigoba, ngakhale zitsekerero kwa iwowa ayi. Nsatsi zisapezeke n'komwe pamalopo ngakhale ndi zokongola, ndi poizoni mwana akatafuna. Zitsekerero zachitsulo zadzimbiri tayani, tengani zapulasitiki muzitsuke. Beseni la madzi osewerera likhale ndi madzi pang'ono ndipo mlezi akhale pompo, mukatha tayani nthawi yomweyo.

Nabanda (Mchinji): Ndabweranso anzanga patha masabata awiri. Timansalu tija tagwira ntchito, kulira kwachepa kwambiri ngakhale gulu la ang'onoang'ono limathawirabe ku dongo likaona mpata. Makolo tinawaitana Lachinayi anabwera 19 ndi amfumu, aphunzitsi a Sitandade 1 anabweranso anayankhula bwino zedi. Apampando sanagonje zonse, tagwirizana kuti azaka 5 okha azikhala pa bolodi mphindi 15 tisanaweruke, azilemba ndi choko pa masileti omwe tapanga ndi zidutswa za pulayiwudi, makope ayi mpaka teremu yomaliza. Pa ana 6 aja wabwerako mmodzi. Amapasa aja akuvala matumba awo mayi awo anasoka okha. Koma zilembo zadongo zikumasweka zikauma, ana akufika nazo kunyumba zili zidutswa, ndikulakwitsa pati?

Make Tadala (Dedza): Mukuyanika padzuwa eti? Dongo likauma mothamanga limang'aluka. Sakanizani ndi mchenga wosefa pang'ono, mulikande bwino ngati mmene amachitira oumba mbiya, zilembozo zikhale zonenepa ngati chala chachikulu osati zowonda, ndiye muyanike pamthunzi m'kati masiku atatu. Muumbe Lolemba kuti Lachisanu zikhale zitauma. Ngati m'mudzimo muli mayi woumba miphika mufunseni komwe amakumba dongo lake, la pachulu lina limakhala bwino lina ayi.

Nabanda (Mchinji): Alipo agogo ena kuseri kwa dambo, ndipita mawa ndikaweruka