Thandizeni kusanja chimangirizo: a mu ndege ya ku Andes ndi a mumgodi wa ku Chile

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu aphunzitsi ndi ena amene munadutsa kale ku koleji, ndabwera ndi vuto langa. Atipatsa ntchito yolemba chimangirizo cha mawu 1,500 chofanizira ndi kusiyanitsa nkhani ziwiri zenizeni za anthu opulumuka pa ngozi. Tikapereka Lachisanu likubwerali. Kuwerenga ndawerenga, mfundo zadzaza masamba anayi a kope, koma kuzisanja kwandikanika.

Nkhani yoyamba ndi ya ndege ya asilikali a dziko la Uruguay imene inagwa m'mapiri a Andes pa 13 Okutobala 1972. Munali anthu 45, ambiri mwa iwo anyamata a timu ya rugby ya Old Christians pamodzi ndi abale ndi anzawo, ulendo wa ku Santiago. Anakhala m'chipale chofewa masiku 72, ndipo otuluka amoyo anali 16 okha. Yachiwiri ndi ya amuna 33 amene mgodi wa San José, pafupi ndi Copiapó ku Chile, unawagumukira pa 5 Ogasiti 2010. Anakhala pansi pa nthaka, mamita pafupifupi 700, kwa masiku 69. Onse anatuluka amoyo.

Ndinasankha ziwirizi chifukwa cha agogo anga aamuna. Anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo mpaka kumwalira kwawo ankakambabe za ndege imene inagwa ku Francistown mu 1974 itanyamula Amalawi obwerera kumudzi kuchokera ku migodi. Ndege ndi mgodi ndinakula nazo m'makutu.

Poyamba ndinalemba ya ku Andes yonse, kenako ya mumgodi yonse, n'kumaliza ndi ndime imodzi yofanizira. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi atawerenga anati ndangofotokoza nthano ziwiri, kufanizira kulibe. Ndinayesanso kutenga mfundo imodziimodzi: malo, chakudya, utsogoleri, chipembedzo, mapulumukidwe, mabanja. Apa owerenga akungodumphadumpha, ku phiri, ku mgodi, ku phiri, mpaka ineyo mutu kuzungulira. Njira yabwino ndi iti? Funso lina londisowetsa tulo: a ku Andes anapulumuka podya matupi a anzawo amene anali atamwalira. Ndilembe bwanji zimenezi mwaulemu? Kapena ndingozisiya?

Mphunzitsi wa sekondale, Dedza:
Achemwali, njira ziwiri zonsezo n'zovomerezeka, vuto silili pamenepo. Mwasonkhanitsa njerwa musanadziwe nyumba imene mukumanga. Tayankhani kaye funso ili m'chiganizo chimodzi: mutaziika pamodzi nkhani ziwirizi, mwaona chiyani chimene simukanachiona mutawerenga imodzi yokha? Chiganizo chimenecho ndicho chikhale kumapeto kwa chiyambi chanu, ndipo mfundo iliyonse yosachithandiza ichotsedwe, ngakhale ikhale yokoma bwanji. Pa mawu 1,500 mfundo zisanu ndi imodzi zachuluka. Zitatu zakwana.

Wofunsa:
Zikomo aphunzitsi. Chimene chimandigwira mtima ndi ichi. Anyamata a ku Andes anali ndi kawailesi kakang'ono, ndipo anamva okha ndi makutu awo kuti ntchito yowafunafuna yaimitsidwa. Ofufuza anasiya patangotha masiku asanu ndi atatu. A mumgodi aja ankamva makina akuboola mwala pamwamba pawo, kusonyeza kuti kunja anthu sanagone. Ena anauzidwa kuti aiwalika, ena ankadziwa kuti akufunidwa. Kodi chimenechi chingakhale msana wa chimangirizo?

Mphunzitsi wa sekondale, Dedza:
Ndi chomwecho. Tsono onani mmene china chilichonse chikutulukira pamenepo. Amene aiwalika ayenera kudzipulumutsa okha, n'chifukwa chake awiri mwa anyamata a ku Andes aja, Nando Parrado ndi Roberto Canessa, ananyamuka pa 12 Disembala n'kuyenda masiku khumi kudutsa mapiri opanda zovala zoyenera. Amene akufunidwa ntchito yawo ndi kudikira osafa, osapenga, osamenyana. Kupirira kwa woyenda n'kosiyana ndi kupirira kwa wokhala pansi. Lembani chonchi: ndime imodzi yaifupi yofotokoza ngozi zonse ziwiri, kuti wowerenga adziwe amene mukukamba, kenako mfundo imodziimodzi. M'ndime iliyonse muziyamba ndi Andes, kutsiriza ndi mgodi, osasinthasintha. Kudumphadumpha kuja kumabwera mukamasintha dongosolo pakati pa njira.

Wophunzira chaka chachinayi:
Ine ndisiyaneko pang'ono ndi aphunzitsi. Achemwali musamale, musawapeputse a mumgodi ngati anangokhala n'kumadikira chakudya. Masiku 17 oyambirira panalibe aliyense kunja amene ankadziwa ngati ali moyo. Chakudya cha m'chipinda chothawiramo chinali cha masiku ochepa chabe, moti ankadya timasupuni tiwiri ta nsomba ya m'chitini ndi kamkaka pang'ono, n'kudikira masiku awiri kuti adyenso. Kutentha kunali koopsa, pamene anzawo a ku Andes chinkawapha ndi chisanu. Makina ankawamva, inde, koma maenje ena ankaphonya, phokoso n'kumapita kutali. Ndiye masiku 17 amenewo akufanana kwambiri ndi a ku phiri. Kusiyana kwenikweni kunayamba pa 22 Ogasiti, chitsulo choboolera chitawapeza. Kuchokera tsiku limenelo chakudya, mankhwala ndi makalata a mabanja zinkatsika m'timapaipi, madokotala akuwalangiza, ngakhale a NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, anathandizapo. Mukagawa nkhani ya mumgodi pawiri, asanapezeke ndi atapezeka, kufanizira kwanu kukhala koona.

Mayi wa ku Area 25:
Pa nkhani ya matupi ija mwana wanga, usaisiye. Ukaisiya wanama, chifukwa popanda chimenecho sakanakhala moyo, pamalo popanda mtengo, udzu kapena nyama. Koma usaikometsere kuti anthu achite nthumanzi. Ziganizo ziwiri kapena zitatu, mawu ozizira. Unene kuti anali anthu omwalira kale pa ngoziyo, kuti anakambirana nthawi yaitali asanavomere, ndiponso kuti anapangana kuti amene amwalire thupi lake lithandize otsala. Anali Akatolika, ndipo atabwerera kwawo akuluakulu a mpingo sanawaweruze kuti achimwa. Kumbukira kuti Parrado anataya mayi ake ndi mlongo wake pomwepo. Ulembe ngati abale a omwalirawo adzawerenga.

Wofunsa:
Mayi mwandimasula. Ndimaopa kuti ndikalemba ndioneka wopanda umunthu. Ndiiika m'ndime ya chakudya, pafupi ndi timasupuni ta a mumgodi, chifukwa konse kuwiri nkhani ndi imodzi: kugawana mwachilungamo kanthu kochepa, wina osabera mnzake.

Bambo wina, Johannesburg:
Ndagwirapo ntchito pansi, ndiye ndinenepo za utsogoleri. Mumgodi simuyamba kusankha mtsogoleri ngozi itachitika, amakhalapo kale. Kapitawo wawo Luis Urzúa anapitiriza udindo wake, zinthu zikuluzikulu ankavota, aliyense anapatsidwa ntchito, ndipo tsiku lotuluka iye ndiye anakwera komaliza. Ku phiri kuja kaputeni wa timu, Marcelo Pérez, anatsogolera poyamba, koma anafa pa 29 Okutobala pamene chipale chinagumuka n'kukwirira chibenthu cha ndege chimene ankagonamo, n'kupha anthu asanu ndi atatu. Utsogoleri unachita kumera wina, anyamata atatu apachibale a banja la Strauch n'kutenga udindo wa chakudya. Kwina dongosolo analipeza, kwina analipanga okha. Imeneyo ndi ndime yathunthu, mlongo wanga.

Wophunzira chaka chachinayi:
Musaiwalenso kuti ndege inagwa pa 13 Okutobala, a mumgodi anatulutsidwanso pa 13 Okutobala. Chiyambi chabwino chimenecho.

Mphunzitsi wa sekondale, Dedza:
Tsikulo langofanana mwangozi, silikutsimikizira kanthu. Mukhoza kulitchula podutsa, koma musamangepo mfundo. Ochonga amafuna kufanana kokhala ndi chifukwa. Chinanso achemwali: mawu olumikizira monga "chimodzimodzinso", "pamene", "mosiyana ndi zimenezi" aziyamba chiganizo chimene mukuwolokera ku nkhani inayo, kuti wowerenga adziwe kuti tsopano tatsika phiri, talowa mumgodi.

Wofunsa:
Nonse Mulungu akudalitseni. Ndakhala pansi usiku uno, ndipo zaima motere. Chiyambi chikuthera pa chiganizo cha oiwalika ndi ofunidwa. Ikutsatira ndime yaifupi ya ngozi ziwirizo, kenako chakudya, kenako utsogoleri monga anenera bambo a ku Joni. Ndime ya mapulumukidwe ndiyo ikhale yaitali, ndipo mmenemo ndigawa masiku a mumgodi pawiri. Chipembedzo ndi mabanja ndazichotsa ngati ndime zapazokha, zingolowa apo ndi apo.

Powerenganso ndapeza chinthu chimene ndinachidumpha. Nkhani zonse ziwiri zinatembenukira pa kapepala. Parrado ndi Canessa ataona munthu woweta ziweto, Sergio Catalán, tsidya lina la mtsinje, madzi ankasokosera moti sankamvana. Iye anawaponyera pepala ndi cholembera atamangirira ku mwala, Parrado n'kulemba kuti akuchokera ku ndege imene inagwa m'mapiri, anzawo ovulala atsala kumtunda, chonde abwere adzawatenge. A mumgodi anamangirira kapepala kawo ku chitsulo choboolera, kolembedwa ndi inki yofiira, konena kuti ali bwino m'chipinda chothawiramo, onse 33. Kena kakupempha anthu amene anali atasiya kale kufunafuna, kena kakutonthoza anthu amene sanasiye.

Tsono aphunzitsi a ku Dedza, timapepala tiwiriti ndiyambe nato chimangirizo, kapena ndisunge kuti tikhale mathero? Mtima wanga ukuti kumathero, koma ndikuopa kuti wochonga aziti ndabweretsa mfundo yatsopano pomaliza.