Kodi mwambi woti "nkhondo ndi anansi" umatanthauzanji?

Wofunsa wa ku Lizulu: Assalam alaikum akuluakulu. Pakabuka mkangano wa utsogoleri pamzikiti, ena amangoti "nkhondo ndi anansi". Kodi anansi ndi ndani kwenikweni? Nanga mwambiwu sukutiphunzitsa kukayikirana, pomwe chipembedzo chimaletsa zimenezo?

Mphunzitsi wa Chichewa, Ntcheu: Achimwene, mnansi ndi munthu wako wapafupi, kaya wachibale kaya woyandikana naye nyumba, uja mumapalana moto. Ana a lero amati neba, koma liwu lakaleli ndi lolemerapo chifukwa limakhudzanso magazi. Nkhondo apa si ya mikondo yokha, ndi chilichonse chopasula mudzi. Mlendo sadziwa pali nkhokwe yako, sadziwanso pamene mpanda unafooka. Wodziwa ndi mnansi. Kwathu konkuno Gomani ndi Kachindamoto onse ndi Angoni a kwa Maseko, komatu anathirana nkhondo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, Chikuse, mfumu yawo yaikulu, atamwalira.

Shehe wa ku Dedza: Wa alaikum salaam. Aphunzitsi alongosola bwino liwulo. Kumbali ya chipembedzo, pitani pa nkhondo ya Uhud ya chaka cha 625. Mtumiki Muhammad (SAW) anayamba wafunsa maganizo. Iye ankafuna kudikira adani m'kati mwa Madina, koma ambiri, makamaka achinyamata, anati tikakumane nawo kunja, ndipo iye anatsata ambiriwo. Ananyamuka anthu 1,000. Ali m'njira, Abdullah ibn Ubayy anabwerera ndi anthu pafupifupi 300, akudandaula kuti mawu ake sanamvedwe. Anatsala 700 kulimbana ndi Akuraishi 3,000, adani ochokera ku Makka. Mdani asanaponye muvi n'komwe, gulu linali litachepa kale chifukwa cha munthu wa mumzinda womwewo.

Kenako Mtumiki anaika oponya mivi 50 paphiri, mtsogoleri wawo Abdullah ibn Jubayr, nawalamula kuti asachokepo zivute zitani. Ataona adani akuthawa, ambiri anatsika kukatola chuma chosiyidwa. Khalid ibn al-Walid, yemwe nthawiyo anali asanalowe Chisilamu, anazungulira ndi apakavalo ake n'kulowera pomwepo. Asilamu pafupifupi 70 anaphedwa, kuphatikizapo Hamza, bambo wamng'ono wa Mtumiki. M'Qur'an, Surah 3 ndime 152 imatchula zomwe zinalakwika: kufooka, kukangana pa lamulo, ndi kusamvera.

Mayi wophunzitsa madrasa, Mtakataka: Ashehe, ndiwonjezepo, pakuti apa m'pamene mwambi ndi Qur'an zikusiyanirana. Mwambi umaika anansi onse m'dengu limodzi. Qur'an ikuwasiyanitsa. Ibn Ubayy anali wachiphamaso, pomwe oponya mivi aja anali okhulupirira amene analakwitsa, ndipo ndime yomweyo ya 152 imati Allah anawakhululukira. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale upo uja unathera m'maliro, ndime 159 ikulamulabe Mtumiki kuti awakhululukire ndi kupitiriza kuwafunsa maganizo. Mtsogoleri amene wapsa mtima n'kuthetsa shura, kufunsana maganizo kuja, chifukwa anthu ake anamulangiza molakwika alibe pogwira pamenepa.

Pa funso la kukayikirana, achimwene, werengani Surah 49. Ndime 12 ikuletsa kuganizirana zoipa, kufufuzana ndi miseche. Ndime 6 ikuti munthu wosadalirika akabwera ndi nkhani, yambani mwaitsimikiza. Ndiye wotchula mwambiwu pofuna kuloza chala mnzake popanda umboni waupotoza.

Wofunsa wa ku Lizulu: Zikomo amayi. Nanga anansiwo akayambanadi, lamulo likuti chiyani?

Shehe wa ku Dedza: Ndime 9 ya Surah yomweyo ili ndi ndondomeko yake. Magulu awiri a okhulupirira akamenyana, choyamba ndi kuwayanjanitsa. Gulu limodzi likakana n'kumapitiriza mtopola, limenelo ndilo lolimbana nalo, koma malire ake alipo: mpaka libwerere ku lamulo la Allah. Likabwerera, nkhondo yathera pomwepo, kwatsala kuweruza mwachilungamo. Onani kuti onse awiri akutchedwabe okhulupirira. Anthu amalakwitsa pawiri: kulumpha kuyanjanitsa, ndi kutcha mnzawo kafiri kuti apeze chifukwa. Ndipo kugwiritsa ntchito mphamvu ndi udindo wa wolamulira dziko, osati komiti ya pamzikiti kapena gulu la anyamata. Kuno kwathu gawo lathu ndi loyanjanitsa lija, zikakanika pali mafumu ndi makhoti.

Mbiri inaonetsa kulemera kwake. Uthman, mtsogoleri wachitatu wa Asilamu pambuyo pa Mtumiki, anaphedwa mu 656 m'nyumba mwake ku Madina ndi Asilamu anzake ogalukira. Chaka chomwecho kunali nkhondo ya Ngamira, ya Asilamu okhaokha, pafupi ndi Basra, mu 657 ya Siffin pakati pa Ali, yemwe analowa m'malo mwa Uthman, ndi Muawiya, bwanamkubwa wa ku Siriya. Magazi analeka kukhetsedwa kwa kanthawi mu 661 pamene Hasan, mwana wa Ali, anatula ulamuliro kwa Muawiya.

Mphunzitsi wa Chichewa, Ntcheu: Kachinthu kamodzi ka chilankhulo: ena amalemba "nkhondo ya anansi". Ayi, ndi "ndi". Ukaika "ya" wangotchula mtundu wa nkhondo, mwambi wathawa.