Ndikanenenji pa Lamulungu la masika?

Mayi a Chisomo, Makhanga

Abale mwa Ambuye, ndithandizeni maganizo. Lamulungu likudzali kumpingo kwathu ndi la masika, ndipo amayi a Mvano andisankha kuti ndikapereke umboni wothokoza. Pakamwa ndinavomera, koma usiku tulo sindikutiona.

Ndikathokoze chiyani? Kuno Ruo ndi Shire zikakwiya ife timakhala pakati ngati nsomba mu mono. Mu 2015 tinathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Mu 2019 namondwe wa Idai, mu 2022 wa Ana. Freddy uja wa mu Malichi 2023 ndiye anagwetsa nyumba yomwe bambo a kunyumba anaumba njerwa zake okha, mbuzi zisanu n'kupita ndi madzi ine ndikuona. Chaka chino cha 2024 mvula yadula, dzuwa lawotcha ngakhale mapira, amene timati ndi opirira. Ndakolola ndowa ziwiri basi. Miyezi yapitayi ndimalawirira kudambo kukazula nyika, mizu ija ya maluwa a m'madzi, madzi m'chiuno, maso ali ku ng'ona, kuti ana adyeko kanthu.

Sindinasiye kupemphera ayi. Koma ndikaima kutsogolo n'kunena kuti "Mulungu ndi wabwino", ndikuopa kuti ndikhala ndikunama m'nyumba yake. Kodi munthu angathokoze mtima uli ndi mafunso? Kapena ndikane?

Gogo wa ku Ngabu

Mwanawe, usakane. Ndayankhitsa mdzukulu wanga, ine maso anatha.

Mayi anga anali Msena. Pothokoza, Asena sati zikomo, amati "takhuta". Ndili mwana zinkandiseketsa, chifukwa ngakhale munthu awapatse madzi akumwa okha, iwo n'kuwomba m'manja, "takhuta". Chaka china cha njala mnansi anatibweretsera kambale ka gaga, ife tilipo asanu ndi awiri. Mayi anagwada, "takhuta, takhuta." Ine ndinawafunsa kuti mukunamiranji, mimba zikulira chonchi? Sanandimenye. Anangoti, "Sindikunena za mimba. Ndikunena kuti munthuyu watikumbuka."

Kawerenge 1 Mafumu 17, nkhani ya mkazi wamasiye wa ku Zarefati. Mulungu sanamudzazire nkhokwe. Ufa wa m'mbiya ndiwo sunathe, kadzanja ka lero, mawa kenanso, mpaka mvula inagwa. Mayi uja tsiku lililonse ankasuzumira m'mbiya n'kuona pansi pake. Iwenso ukuona pansi pa ndowa zako ziwirizo. Koma ana ako aja unawanyamula mu 2015, lero ali kuti? Sali pakhomo pompo?

Mnyamata wodula nzimbe, Nchalo

Amayi, pepani ndilankhule mosapsatira. Ine chimene chimandinyansa ndi maumboni opaka mafuta. Munthu kwawo agona ndi njala, koma pa guwa akuti "zonse zili bwino". Kenako wina amene ali pa benchi amayamba kudziona ngati iye yekha ndiye wotembereredwa. Boma lenilenilo mu Malichi 2024 linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, ndiye inu mukabise chiyani?

Habakuku sanabise. Pa chaputala 3 anawerenga zonse chimodzichimodzi: mkuyu wosaphuka, minda yopanda chakudya, makola opanda ziweto. Atatha kuwerenga zotayikazo m'pamene anati adzakondwerabe mwa Yehova. Inunso tchulani mbuzi zisanu zija. Tchulani nyika. Mukayamba ndi zoona, chimene munene pambuyo pake anthu achikhulupirira.

Mayi a mapasa, Bangula

Achemwali, ine ndikusiyana pang'ono ndi agogo. Si onse amene ana awo ali pakhomo. Wanga woyamba anapita ndi madzi a Freddy, mtembo sitinaupeze. Munthu akanandiuza nthawi imene ija kuti ndiwerenge madalitso, ndikanamuponyera chikuni. Pa msasa pomwe tinkakhala, m'kalasi ya sukulu, ndinatha miyezi itatu osayimba, osatsegula Baibulo. Anzanga a mumphakati sanandilalikire. Ankangobwera madzulo n'kukhala nane pa mkeka, wina kusambitsa mapasa, wina kukandiimira pa mzere wa ufa.

Tsiku lina ndinadzidzimuka ndikung'ung'udza nyimbo ndikutsuka mapoto. Sindinakonzekere, inangotuluka yokha. Mpaka lero sindithokoza chifukwa cha madzi aja, ndipo sindikhulupirira kuti Mulungu amafuna ndithokoze zimenezo. Ndimathokoza kuti sanandisiye ndekha m'kalasi muja. Funso loti "chifukwa chiyani mwana wanga" ndikadali nalo, ndimapita nalo kutchalitchi sabata iliyonse ngati mmene ndimatengera chitenje. Sanandibwezepo pakhomo.

Ndiye ngati m'gulumo muli wina wonga ine, mukamalankhula mumukumbukire. Musakanene kuti amene anapulumuka ndiwo okondedwa.

Mayi a Chisomo, Makhanga

Ndawerenga zonse, za ku Bangula ndabwereza katatu. Achemwali, pepani kwambiri. Kumpingo kwathu alipo awiri otere, ndipo ndinali ndisanaganize kuti adzakhala pa benchi yachiwiri akundiyang'ana.

Ndipita. Ndapatula mbale imodzi ya mapira, ndipo ndaganiza zotenganso nyika pang'ono m'kalichero kuti ndikaike pa guwa pambali pa maungu a anzanga. Bambo a kunyumba akuti ndiwachititsa manyazi, anthu adzaseka. Ine ndati asekeranji, poti theka la mpingo tinkakumana kudambo komweko m'bandakucha? Bwato limene tinkakwera linali la mkulu wa mpingo, ndipo sanatilipiritsepo ngakhale tsiku limodzi. Zimenezonso ndikazinena.

Agogo, muuzeni mdzukulu wanuyo andilembere katchulidwe kake bwinobwino. Kodi amangoti "takhuta" basi, kapena pali mawu ena owonjezera akamauza Mulungu?