Thanki ya malita 5,000 ingatifikitse mu Novembala kuno ku Ngabu?

Make Chifundo, Ngabu

Abale, mjigo wa m'dera lathu ndi wamchere, tiyi sakoma ndipo nyemba zimachedwa kupsa. Nyumba ndi yamalata, mamita 8 m'litali, 6 m'lifupi, ndipo tilipo anthu 6. Tikufuna kukolola madzi a mvula. Kodi thanki ya pulasitiki ya malita 5,000 ingakwane chilimwe chonse? Nanga tiyambire pati?

Che Mmisiri, Nchalo

Mayi, yambani ndi masamu musanapite kusitolo. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi mbali zonse, mumapeza lita imodzi. Denga lanu ndi 8 kuchulukitsa ndi 6, kutanthauza 48. Yezani pansi pamene denga laphimba, osati kutsetsereka kwa malata. Kuchigwa kuno tiyerekeze mamilimita 700 pachaka, zikupereka malita 33,600. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo 5 la madzi othawa m'mbali ndi ouma pa malata otentha, mutsala ndi pafupifupi 27,000. Ndiye denga si vuto, thanki idzadza ngakhale chaka chamvula yochepa.

Vuto ndi katungidwe. Mukamamwa ndi kuphikira basi, malita 5 munthu aliyense patsiku, ndi malita 30. Thanki yodzadza kumapeto kwa Epulo ikutengerani masiku 166, mpaka chapakati pa Okutobala, pamene dzuwa lafika poswa mtengo. Koma mukayamba kusambira ndi kuchapira, malita 20 munthu aliyense, masabata 6 yauma. Ikani loko pampopi, zochapa zipite kumjigo. Kuti mufike mu Novembala, onjezani migolo ya malita 200 ingapo, muziyamba kumwa ya m'migoloyo.

Bambo a Tadala, Bangula

Masamuwo ndi oona, koma mathanki ambiri amafera pansi pake. Malita 5,000 ndi matani 5. Dothi la ku Ngabu ndi makande: likanyowa limatupa, likauma limang'ambika mpaka dzanja kulowa. Thanki yokhazikidwa pa njerwa zongosanja imapendama, pansi pamapindika, kenako imang'aluka pamene pali mpopi. Kumbani, thirani miyala ndi mchenga, sinjani bwino, ndiye muthire konkire yokhuthala masentimita 10 mpaka 15 yokhala ndi waya mkati, yosalala, yotambalala kuposa thankiyo. Muziithirira madzi sabata yathunthu musanaikepo katundu. Konkireyo ikhale yokwera theka la mita kuti ndowa ilowe pansi pa mpopi, komanso madzi osefukira asafike pampopipo. Amene anaona za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti thanki yopanda madzi imayandama ngati bwato, ndiye imangireni ndi waya ku zitsulo zozika m'konkiremo.

Paipi yotayira madzi thanki ikadzadza ipite kutali, mamita awiri kapena atatu, ku nthochi. Ikamatayira patsinde pomwepo imafewetsa makande aja.

Anambewe, Chikwawa boma

Ine ndiyankhule za ukhondo, poti madzi akumwawa. Chilimwe chonse denga limasonkhanitsa fumbi, zitosi za mbalame, za mileme ndi za abuluzi. Chizimalupsa chisalowe m'thanki ngakhale dontho; chotsani paipi, mvula yoyamba ndi yachiwiri zitsuke denga. Pambuyo pake ikani chotayira madzi oyamba. N'chosavuta: paipi yochokera kudenga isanafike kuthanki, lumikizanipo kapaipi kooneka ngati chilembo cha T, pansi pake mulendeweretse paipi ya pulasitiki ya PVC ya mamilimita 110 yotsekedwa kumapeto ndi chitsekero chopotokola. Madzi akuda amayamba adzaza mmenemo, oyera n'kudutsa pamwamba. Mita imodzi ya paipiyo imatenga malita 8 ndi theka, ndiye pa denga lanu mamita atatu, kapena mapaipi awiri a mita ndi theka, akupatsani malita 25. Mvula ikatha tsegulani, thirirani mitengo. Mukaiwala kukhuthula, mvula yotsatira imalowetsa zonse m'thanki ngati simunaikepo kanthu.

Polowera ndi potayira pakhale sefa ya waya wa mabowo ang'onoang'ono. Udzudzu umalowa pa kampata kakang'ono, ndipo malungo kuno sitichita kuwafunafuna. Sankhani thanki yakuda kapena yobiriwira. Yoyera imalowetsa kuwala, mkati mumamera ndere. Imangireni kachisakasa, apo ayi mu Okutobala mumwa madzi ofunda ngati osamba. Mpopi ukhale masentimita 10 pamwamba pa pansi pa thanki kuti matope azitsalira, muwachotse kamodzi pachaka mvula isanayambe.

Akumwa muwathirebe mankhwala oyeretsera madzi a WaterGuard mu chigubu cha malita 20 potsata muyezo wolembedwa pabotolo, dikirani mphindi 30, kapena wiritsani.

Che Mmisiri, Nchalo

Ndinaiwala ngalande za padenga. Zitsetsereke sentimita imodzi pa mita iliyonse, zogwirira zake zitalikirane osaposa mita, chifukwa PVC ikatenthedwa imagooka, madzi n'kumaima pakati. Mlomo wa lata ulowe m'ngalandemo pang'ono, masentimita awiri kapena atatu. Mvula yathu yamkuntho imalumpha ngalande yoikidwa kumunsi kwambiri. Mukamaliza, kwerani ndi ndowa, thirani padenga muone kumene akupita.

Make Chifundo, Ngabu

Zikomo nonse. Tilinso ndi khitchini yaudzu, nanga imeneyo tilumikizenso?

Anambewe, Chikwawa boma

Ayi mayi, a padenga laudzu amatuluka ofiirira ngati tiyi ndipo amanunkha. Tcherani mgolo wapadera, akhale ozirira nyumba ndi othirira mbewu.